Lachinayi, pa mutu wa nkhondo ya pamlatho

Tsiku lalero lathera pa mutu 31 wa buku limene mlembi wina akufuna likonzedwe lisanapite kosindikiza. Ndi mutu wa pachimake: asilikali 40 atsala pamlatho, adani 2,000 akubwera, ndipo pofika tsamba lomaliza onse 40 afa. Mawu ake ndi okoma, magazi ali mbwee, koma wowerenga sangagwetse msozi ngakhale umodzi. Vuto laoneka nditajambula malowo papepala. Bukuli silikunena paliponse chimene anthu 40 amenewa akugula ndi imfa yawo.

Kawirikawiri chimene amagula ndi nthawi. M'mutu 30 amayi, ana ndi nkhalamba anyamuka ndi ngolo kulowera kudoko, mtunda wa makilomita 18. Ngolo yodzaza katundu imayenda makilomita atatu pa ola, mwinanso osakwana. Ndiye kuti mlathowo asaulole kwa maola 6. Nambala imeneyi ituluke m'kamwa mwa mwininkhani nkhondo isanayambe, kenaka dzuwa lizioneka likusuntha ndime ndi ndime. Wowerenga akadziwa kuti kwatsala maola awiri koma amuna atsala 11, mtima umagunda wokha, osadikira kuuzidwa kuti zinthu zafika poipa.

Kukula kwa mlatho sikunatchulidwenso. Munthu wa chishango ndi mkondo amadya malo pafupifupi mita imodzi. Pamlatho wa mamita atatu m'lifupi, omenyana nthawi imodzi ndi atatu kapena anayi okha, enawo ali kumbuyo kudikira kulowa m'malo mwa wotopa kapena wogwa. Mpanipani umenewu ndi umene ungapatse anthu 40 mwayi woletsa 2,000. Koma mwininkhani wathu akuchoka pamzere, kukalowa pakati pa adani, kupha khumi, n'kubwerera bwinobwino. Wasiya mpata wa mita yathunthu, ndipo mnzake wakumanzere mbali yake yatsala poyera. Mivi nayo: phodo la mivi 24, munthu akamaponya 6 pa mphindi, latha m'mphindi zinayi. M'mutu muno akuponyabe mpaka madzulo, ndipo palibe amene wapempha madzi akumwa.

Masana ndatsegulanso nkhani ya Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri yakale, ya nkhondo ya Agiriki ndi Aperisi pampata wopapatiza wa Thermopylae, m'chaka cha 480 Yesu asanabadwe, chifukwa mabuku ambiri a mtundu uwu amatunga pamenepo ngakhale alembi ake asakudziwa. Xerxes, mfumu ya Aperisi, anadikira masiku anayi poganiza kuti Agiriki athawa okha. Anawaputa masiku awiri, osaphula kanthu, mpaka Mgiriki wina, Ephialtes, anamulozera kanjira ka m'phiri kotulukira kumbuyo kwawo. Leonidas, mfumu ya ku Sparta imene inkatsogolera Agiriki, anamva zimenezi adani asanatsike, ndipo gulu lalikulu la Agiriki linachoka. Anthu amakumbukira a ku Sparta 300, koma panatsalanso a ku Thespiae 700 motsogozedwa ndi Demophilus, amene anakana kuchoka, ndi a ku Thebes 400. Mphamvu yonse ya nkhaniyi ili m'mawa umenewo, pamene njira yothawira inali ikadalipo. Munthu wozingidwa kumbali zonse akafa timati zamugwera, sitinena kuti wadzipereka. M'buku ndikukonzali asilikali azingidwa kuyambira ndime yoyamba. Ndalemba m'mphepete kuti mtsogoleri anene poyera kuti wofuna kupita apite, ndipo ena apitedi, osati amantha okhaokha ayi, koma mmodzi kapena awiri amene wowerenga amawakonda ndipo chifukwa chawo n'chomveka.

Herodotus amatsatanso bwino kutha kwa zida. Mikondo inathyoka, anasolola malupanga. Atabwerera pakachitunda, amene analibe lupanga anamenya ndi manja ndi mano, mpaka Aperisi anawakwirira ndi mivi. Mu 1939 katswiri wofukula zinthu zakale, Spyridon Marinatos, anafukula mitu yambiri ya mivi pachitunda cha Kolonos pa Thermopylae pomwepo. Wowerenga amaona mathero akuyandikira poona chimene chatsala m'manja mwa munthu. Mlembi wathu lupanga la mwininkhani walisiya lakuthwa mpaka ndime yomaliza.

Chakumadzulo nthawi yambiri yapita pa ndakatulo yakale ya Chingerezi ya nkhondo ya ku Maldon, mu 991, imene chiyambi ndi mathero ake zinatayika. Ma Viking, ankhondo apanyanja amene anabwera kudzasakaza dziko la Angerezi, anali pachilumba, ndipo polowera kumtunda panali kanjira kamodzi kamene madzi a m'nyanja akakwera kamamira. Amuna atatu okha anakatseka. Adaniwo anapempha kuti awalole kuwoloka akamenyane pamalo abwino, Byrhtnoth, mtsogoleri wa Angerezi, n'kuvomera. Wolemba ndakatuloyo akumuloza chala kuti anadzikhulupirira mopitirira, ngakhale akatswiri ena amati akanakana, adaniwo akanangokwera zombo kukasakaza kwina. Chimene ndikufuna mlembi wathu aone n'chakuti Byrhtnoth akufa nkhondo ili mkati. Godric, mwana wa Odda, akudumphira pa hatchi ya mbuye wakeyo n'kuliyatsa liwiro. Amuna ambiri poona hatchiyo akuganiza kuti wathawa ndi mtsogoleri mwini, ndipo mzere wa zishango ukupasuka. Hatchi imodzi, munthu wolakwika pamsana pake, gulu lonse balala. Kugonja kumafuna chifukwa chooneka ndi maso ngati chimenechi, osangoti adani anachuluka.

Otsalawo sankagula nthawi ya munthu aliyense. Chaka chomwecho Angerezi analipira ma Viking mapaundi 10,000 kuti awasiye. Amuna otsala aja ankabweza ngongole: malonjezo amene ankachita akumwa m'nyumba ya mbuye wawo, ndi mphatso zimene analandira kwa iye. Zimenezi zimagwiranso mtima, bola ngongoleyo ioneke kale m'buku. Mtsogoleri wa m'buku lathu sanapatsepo munthu kanthu m'mitu 30 yonse, ndiye amuna ake akamufera, tikhulupirire bwanji?

Cholakwa cha mtsogoleri nacho chikufunika. Mu ndakatulo ya Roland, yochokera pa zimene zinachitikira asilikali akumbuyo a mfumu Charlemagne pa Roncevaux mu 778, Roland, mtsogoleri wawo, akukana kuliza lipenga loitana thandizo, n'kudzaliza madzi atafika kale m'khosi. Wathuyu salakwa kalikonse, n'chifukwa chake akutopetsa.

Usiku uno ndamaliza ndemanga zing'onozing'ono. Mayina 23 akuyamba kutchulidwa m'mutu womwewu, aliyense n'kufa patangopita mizere itatu. Atsale asanu kapena 6 amene tawadziwa kale, ena afe opanda mayina monga zimakhalira pankhondo. Mawu otsiriza a mwininkhani atenga masamba awiri pamene ali ndi mkondo pachifuwa. Munthu wobooka phapo mpweya wake sungakwane ndime, ndiye ndasiya mizere iwiri. Onse akafa, nanga nkhaniyi yamveka bwanji kudoko? Pafunika mboni. Herodotus ali naye Aristodemus, amene sanamenye nawo tsiku lomaliza chifukwa cha matenda a maso. Kwawo ku Sparta anamusala n'kumamutcha wamantha, ndipo chaka chotsatira anakafera ku Plataea atathamangira yekha kutsogolo kwa mzere. Mmodzi wa amene achoka pamlatho m'mawa angathe kusenza katundu wotere m'mutu 32.

Mutu 31 utsika kuchoka pa masamba 26 kufika pa 15 kapena 16. Ntchito yaikulu ili m'mbuyo: mutu 12 ukufuna mphatso ndi lonjezo, mutu 19 ukufuna cholakwa cha mtsogoleri, ndipo mutu 30 unene mtunda wopita kudoko ndi ola limene ngolo zanyamukira.