Olemba a ku India ndi vuto la Chingerezi

Wolemba wa ku India akasankha Chingerezi amakumana ndi funso lovuta: anthu akumudzi osadziwa Chingerezi awalankhulitse bwanji m'buku? Funsoli ndi landale. Malamulo a dziko a 1950 anapatsa Chihindi mpando wa boma, Chingerezi chikhalepo zaka 15 zokha. Itakwana 1965, anthu a ku Madras, kumwera kwa India, anachita zipolowe kukana Chihindi, ndipo Chingerezi chinakhazikika.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi ya Raja Rao m'buku la Kanthapura, la 1938. Nkhani ya kufika kwa mfundo za Gandhi m'mudzi imasimbidwa ndi gogo wina. Rao sanadzaze tsamba ndi mawu a Chikannada (chilankhulo cha m'mudzimo) ayi, anapinda chiganizo chenichenicho: chachitali, chobwerezabwereza, cholumikiza ganizo ndi linzake mosapumira monga zimayendera nthano zapakamwa. Wowerenga amamva mpweya wa mudziwo.

Wolemba wina, Mulk Raj Anand, ankamasulira malonje ndi zotukwana za Chipunjabi liwu ndi liwu. Apa zinthu zimasokonekera msanga. Mawu omwe kwawo amalemera amamveka oseketsa m'Chingerezi, ndipo mmphawi amene wolembayo amafuna kumulemekeza amaoneka ngati chitsiru. Mndandanda wa matanthauzo kumapeto nawo umaulula kuti bukulo alembera mlendo.

Salman Rushdie, m'buku lake la Midnight's Children la 1981, anasakaniza Chingerezi ndi zolankhula za m'misewu ya mumzinda wa Bombay osapepesa. Koma mu 1997 atanena kuti zolemba za Chingerezi zaposa za zilankhulo zina za India, olemba Chibengali, Chikannada ndi Chimalayalam anakwiya kwambiri, ndipo ine ndili mbali yawo.