Kuthokoza anthu amene anabisa bambo athu ku Mocímboa da Praia

M'malo mwa mayi athu ndi banja lonse, ndikuthokoza poyera anthu amene anapulumutsa moyo wa bambo athu, omwe anagwira ntchito ya ukalaliki kwa zaka zambiri m'boma la Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique. Mwezi uno apuma pantchito ali moyo, pomwe ena mwa anzawo amene ankagwira nawo ntchito sanafike pa tsiku lotereli.

Kuchokera pa 5 Okutobala 2017, tsiku limene zigawenga zinaukira koyamba apolisi m'tauniyo, aliyense wodziwika kuti ndi wa boma ankagona khutu lili kunja. Zigawengazo zikalowa m'mudzi zinkafunsa nyumba ya mfumu, ya mlembi wa dera kapena ya mphunzitsi, podziwa kuti zikapha mmodzi wotere anzake onse athawa, ndipo anthu otsala adzaopa ngakhale kupereka moni kwa munthu wa boma. Bambo athu sanagwirepo mfuti, ntchito yawo inali kulemba ana obadwa ndi kudinda makalata, koma zimenezo zinali zokwanira kuti afunidwe.

Tauniyo italandidwa mu Ogasiti 2020, bambo anathawira kwa mayi wina wamasiye amene ankangomudziwa nkhope. Mayi, dzina lanu sindilemba pano chifukwa nkhondoyi sinathe, koma mukudzidziwa nokha. Munawavula malaya a kuofesi n'kuwaveka zovala zakale za malemu amuna anu, munatentha chiphaso chawo cha ntchito pamoto wophikira, ndipo anthu amfuti atafika pakhomo n'kufunsa kuti bamboyu ndani, munayankha kuti ndi mlamu wanu, msodzi wodwala. Munkadziwa bwino lomwe chimene chikanakuchitikirani inu ndi ana anu bodzalo likanaululika. Chimene chimandigwetsa misozi mpaka lero n'chakuti anansi anu onse ankawadziwa bambo, ena anali atawalembetserapo ana kwa iwo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa.

Tikuthokozanso mwini ngalawa amene anawanyamula usiku osafunsa ndalama, ndi banja la ku Paquitequete, mumzinda wa Pemba, limene linawapatsa mphasa m'nyumba yodzaza kale ndi othawa nkhondo. Anamwino amene anawatsuka zilonda zakumapazi, Mulungu akudalitseni. Asilikali a Mozambique ndi a Rwanda atalanda tauniyo mu Ogasiti 2021, bambo anadzabwerera kuntchito ife tikuwaletsa, ponena kuti ana obadwira kutchire nawonso ayenera kulembedwa.

Kwa mabanja amene anataya mafumu, alembi ndi aphunzitsi awo, tikulira nanu, ndipo bambo amatchula mayina a anzawowo m'pemphero usiku uliwonse. Zovala za msodzi zija anazisunga, Mayi, ndipo akufuna adzakubwezereni ndi manja awo.