Sabata ya timipita ta mpweya

Sabata ino ntchito yanga yambiri inagona pa timipita ting'onoting'ono ta m'mapapo, tomwe timatitcha bronchioles, tosapyola mamilimita 2 kukula kwake. Pali matenda omwe amayambira pa timipita timeneti n'kusiya zipsera m'minofu yozungulira, ndipo kuwaika m'magulu kumatizunguza mutu.

Lolemba anatitumizira mayi wachikulire yemwe anamaliza mankhwala a TB koma befu osatha. Makhololo pa GeneXpert, makina oyezera TB, sanaonetse kachilombo. Titawajambula CT, chithunzi choonetsa m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, kawiri, atakoka mpweya komanso atautulutsa, mapapo anaoneka mawangamawanga, mbali zina mpweya utatsekeredwa, zipsera zitatsata timipita tija. Apa ndinadziwa kuti vuto lili kuti, koma chimene chalibweretsa chithunzi sichinene.

Lachitatu tinakambirana pa intaneti ndi anzanga awiri, wina wowerenga zithunzi, wina woyeza minofu. Tinakangana pa dzina la vuto la mayi aja. Mu 2002 akatswiri oyeza minofu Yousem ndi Dacic anatcha zoterezi bronchiolocentric interstitial pneumonia. Mu 2004 katswiri wina, Churg, ndi anzake analemba za airway-centered interstitial fibrosis, kutanthauza zipsera zotsata timipita ta mpweya. Ndondomeko ya mabungwe a madokotala a mapapo a ku America (ATS) ndi ku Ulaya (ERS) ya mu 2013 inangozitchula ngati maonekedwe a minofu, osati matenda oima paokha. Ine ndili kumbali imeneyo. Maonekedwe omwewa amabwera munthu akamapuma fumbi la mbalame kapena chuku, zomwe timati hypersensitivity pneumonitis. Amabweranso zam'mimba zikamabwerera n'kulowa m'mapapo usiku, kapena ndi nyamakazi ya rheumatoid arthritis, ngakhale utsi wa fodya. Mankhwala ake ndi osiyana. Wachilungulira, yemwe zam'mimba zimamubwerera, ukamupatsa mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone okha, sunamuthandize.

Kuno sitidula kanyama ka m'mapapo kawirikawiri kuti tikayeze, choncho mafunso ndiwo amagwira ntchito yaikulu. Lachinayi ndinakhala pansi ndi mayi aja osathamanga.

"Amayi, pakhomo pali ziweto zanji?"

"Mbuzi ziwiri basi, adokotala."

"Nanga za mapiko?"

Anaseka. Nkhunda sanaziwerengere ngati ziweto. Khola lili pafupi ndi zenera la kuchipinda, ndipo amasesamo okha m'mawa uliwonse, kwa zaka zambiri. Akapita kukacheza kwa mwana wawo kutauni chifuwa chimapepuka, akabwerera chimayambanso. Yankho limeneli linandiuza zambiri kuposa CT.

Kuwauza kuti nkhunda zichoke kunandilemera. Ndi ndiwo, ndi ndalama ya sopo, komanso amene anazisiya ndi malemu amuna awo. Ndinawafotokozera mosabisa kuti mbali yotupa ikhoza kuchira, koma zipsera sizibwerera mwakale, ndipo zimawonjezeka ngati fumbilo akulipumabe. Mwana wawo anavomera kusamutsa khola ndi kutsuka chipinda, mayiwo asakhudze nthenga kapena zitosi.

Lachisanu kunabwera bambo yemwe anadwaladi TB kale. Nayenso timipita tinali titaphinjika, mpweya ukutsekeredwa, koma zipsera zinali kumtunda kwa mapapo komwe TB imakonda. Sindinamuike m'gulu la mayi aja, ndipo prednisolone sindinamupatse. Ndinamulembera kuti ayezedwe mphamvu ya kupuma pa spirometry.

Madzulo ake ine ndi anamwino tinawonjezera mafunso pa fomu ya odwala chifuwa chokhalitsa: nkhunda ndi nkhuku, chimanga cha chuku, utsi wa nkhuni, chigafa cha fodya, ntchito ya kumigodi, ndi chilungulira cha usiku. Tiyamba kuigwiritsa ntchito Lolemba.