Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chilonda cha pamimba pa Nkhata

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene Nkhata anayambanso kudya, atandizunza miyezi iwiri osalawa kanthu. Kwa inu amene mwatipeza panjira, Nkhata ndi njoka yanga, kansato ka mtundu umene ogulitsa ziweto amautchula kuti ball python, pamene asayansi amati Python regius. Kwawo kwenikweni ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zimene anthu amaweta m'nyumba makolo ake anachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Sikula ngati nsato zija zimameza mbuzi, yaikulu imalekezera cha pa mita imodzi ndi theka. Ikachita mantha nthawi zambiri siluma, imangodzikulunga n'kubisa mutu pakati, ndipo dzina lakuti Nkhata ndinalitenga pamenepo.

Lamlungu lina madzulo ndinamutulutsa kuti ndimuike pa sikelo, monga ndinkachitira mwezi ndi mwezi. Nditamutembenuza ndinaona kuti mamba a kumimba, amene masiku onse amakhala oyera mbee, afiirira pamalo amodzi, dera lotalika ngati chala chamkombaphala. Mtima sunagunde n'komwe. Ndinali nditawerenga kuti nsato ikayandikira kufundula mimba imafiirira, kenako maso amachita mbuu ngati mwalowa utsi. Ndinangoti basi, nthawi yake yakwana. Ndiye ndinachita chimene ndinkayesa nzeru: ndinawaza madzi ambiri pa utuchi wa pansi kuti m'bokosimo mukhale chinyezi, n'kumusiya sabata yathunthu osamugwira, popeza njoka yofundula sifuna kuisokoneza.

Amene anandidzutsa ku tulo timeneti ndi mayi a kunyumba, munthu amene panthawiyo sankayandikira bokosilo ngakhale pokolopa.

"Abambo, m'chipinda cha njoka yanuyi mukumveka fungo. Si fungo la masiku onse lija ayi."

Nditatsegula kanyumba kake kobisalamo ndinamupeza ali phee. Maso anali owala bwinobwino, opanda mbuu uliwonse, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti za kufundula zija ndinadzinamiza. Pamimba paja panali patasanduka. Mamba ena anali atatukuka m'mphepete n'kuchita bulauni, pansi pa ena panali matuza okhala ndi madzi achikasu, ndipo pakati penipeni panali kachigawo kouma, kakuda, kolimba ngati chikopa chowauka. Tizidutswa ta utuchi wonyowa tinali titamatirira pachilondapo. Ndinakhala pansi, njoka ili m'manja, osadziwa poyambira.

Dokotala wa ziweto woyamba amene ndinamuimbira anandiuza mosapsatira kuti iye anazolowera agalu ndi amphaka, ndipo sakufuna kuyesera pa chamoyo chimene sachidziwa. Ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha yankho limenelo. Anandilozera kwa mnzake wina, mayi amene amaonanso mbalame ndi zokwawa.

Ndinkayembekeza kuti tikangolowa a dokotala athamangira pachilonda. Iwo anayang'anapo pang'ono chabe, n'kumubwezera Nkhata m'kathumba kansalu, n'kuyamba kundifunsa ine ngati wolakwa pabwalo.

"Bambo, mumamutenthetsera ndi chiyani?"

"Kamphasa kamagetsi, a dokotala, kali pansi pa galasi la bokosi lake."

"Kali ndi thermostat?"

Thermostat ndi kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa kamphasako kuti kutentha kusapitirire muyezo. Ndinati ayi. Wondigulitsa anandiuza kuti kamphasako sikatentha kwambiri.

"Pansi mumayala chiyani? Mumasintha liti? Khoswe mumamupatsa wamoyo kapena wakufa? M'bokosimo muli tepi iliyonse yomatira? Anafundula liti komaliza, ndipo khungu linachoka lonse?"

Pofunsa chonchi ankachotsa matenda mmodzimmodzi, ndipo pambuyo pake anandifotokozera mmene chilonda chilichonse chimadziululira. Khoswe wamoyo akasiyidwa m'bokosi njoka isakufuna kudya, amaitafuna kumsana, kumutu kapena kumchira, ndipo mabala ake amakhala akuya, ong'ambika, nthawi zina mpaka fupa kuonekera. Chodabwitsa n'chakuti nsato imene ilibe njala imatha kungodzikulunga n'kumalola kutafunidwa. Tinthata ta njoka, timene dzina lake ndi Ophionyssus natricis, timaoneka ngati timadontho takuda toyenda, timakonda m'mbali mwa maso ndi pansi pa chibwano, ndipo njoka imene ili nato imangokhalira kudzinyika m'mbale ya madzi. Khungu lakale likakanirira limamanga nsonga ya mchira ngati mphete mpaka magazi kusiya kufika, kapena limatsalira pamaso. Njoka yofunafuna potulukira imadzikhula mphuno mpaka kusupuka. Tepi ikaimata imachoka ndi mamba omwe. Ndiye pali kuwola kwa mamba, kumene kumabwera njoka ikamagona ponyowa ndi pauve: kumayamba ndi mawanga ndi matuza omwazikana m'mimba monse mmene mumakhudza pansi. Kupsa kumasiyana nako chifukwa kumakhala pamalo amodzi, ndipo kawirikawiri kumatsatira kukula kwa chinthu chotenthacho.

"Wanuyu ali ndi ziwiri," anatero. "Anayamba wapsa. Kenako mwamugoneka pa utuchi wonyowa, mabakiteriya n'kupeza khomo lotsegula."

Mawu akuti "mwamugoneka" anandilasa, koma anali oona. Madzi aja ndinawaza ndine.

Chimene chinandivuta kumvetsa n'chakuti chamoyo chingagone bwanji pamoto osasuntha. Mwana akakhudza mbaula amachotsa dzanja asanaganize n'komwe. A dokotala anati zokwawa sizichita choncho. Njoka ilibe kutentha kwake kwa m'thupi, imadalira kwa kunja, ndiye mpweya wa m'bokosi ukazizira imakanirira pamalo otenthawo kudikira kuti thupi lonse lifunde, khungu la pansi likupsa pang'onopang'ono. Ndipo bala lake silionekera tsiku lomwelo. Limayamba ndi kufiirira kumene ine ndinakuona, matuza ndi kuda zimabwera patapita masiku. Inali nyengo yozizira, chipindacho usiku chinkazizira kwambiri, ndipo Nkhata anali atakankha utuchi n'kugona pagalasi penipeni.

Madzulo a tsikulo ndinabwereka kachipangizo koyezera kutentha kongoloza ngati mfuti. Choyezera changa chakale, kawotchi kozungulira komata pakhoma la bokosi, chinkaonetsa madigiri 27, ndipo miyezi yonseyi ndinkachikhulupirira. Nditaloza pagalasi pamene ankagona, panatuluka 51. Ndinayezanso katatu. Pamalo otentha a nsato yamtunduwu payenera kukhala pakati pa 31 ndi 33, mbali yozizira cha m'ma 25 mpaka 27. Kawotchi kaja sikankanama, koma kankayeza mpweya wa m'mwamba, kumene njoka sigonako.

A dokotala anapukuta pachilondapo ndi kathonje ka pakamtengo n'kutumiza ku labotale, kuti adziwe mtundu wa mabakiteriya ndi mankhwala amene angawaphe. Anati pa zilonda za njoka amapezapo kawirikawiri a mtundu wa Pseudomonas ndi Aeromonas, ndipo choopsa chachikulu n'chakuti akalowa m'magazi njoka imafooka, mimba imadzaza timadontho tofiira, ndipo imafa msanga. Poyembekezera zotsatira anayambitsa jekeseni wa ceftazidime, kamodzi pa masiku atatu alionse. Ndinadabwa, ndinkaganiza kuti mankhwala a chilonda chachikulu chotere ayenera kukhala a tsiku ndi tsiku. Koma thupi la njoka limagwira ntchito modekha, mankhwala amakhalitsa m'magazi, ndipo kuwirikiza kungangovulaza.

Zotsalazo zinali zanga kunyumba. Utuchi wonse ndinataya, bokosi ndinalitsuka n'kuliumitsa, pansi ndinayala mapepala oyera opukutira m'manja amene ndinkasintha tsiku lililonse. Mapepalawo sakongola, koma salowa m'chilonda, ndipo kadontho kalikonse ka mafinya kapena magazi kamaonekera pomwepo. Ndinagula thermostat, kachingwe kake koyezera n'kukaika pamene pali kamphasa, ndipo ndinatchinga mbali zina za bokosi kuti mpweya usamazizire usiku. Kutentha koyenera n'kumene kumathandiza thupi la njoka kulimbana ndi matenda, ndiye kuzimitsiratu kamphasako chifukwa cha mantha, monga ndinafunira poyamba, kukanakhala kulakwa kwachiwiri.

Madzulo alionse ntchito inali imodzimodzi. Ndinkathira madzi ofunda pang'ono m'beseni, osapitirira madigiri 30, osaya, ongofika theka la thupi lake. Poyamba ndinkamuika m'madzi opanda kanthu, chifukwa njoka ikalowa m'madzi imakonda kumwa, ndipo sindinkafuna kuti amwe mankhwala. Akatha kumwa ndinkathiramo povidone iodine, mankhwala otsukira zilonda, mpaka madziwo aoneke ngati tiyi wosakolera. Ankakhalamo mphindi khumi, ine ndili pompo osachoka. Kenako ndinkamuumitsa posindikiza pepala mofatsa, osakhula, n'kupaka kirimu wa silver sulfadiazine, amenenso amapaka anthu akapsa ndi moto, mopyapyala kwambiri. Ndikatha, sopo ndi madzi m'manja, chifukwa zokwawa zimanyamula mabakiteriya a Salmonella ngakhale zili bwinobwino.

Anzanga ondifunira zabwino sanasowe. Wina anati ndipake mafuta odzola, wina sipiriti, wina anati ndiboole matuzawo ndi singano madzi atuluke. A dokotala anali atandiletseratu zonsezi. Mafuta akachuluka amafewetsa mamba mpaka kuyamba kusupuka, sipiriti amawotcha mnofu umene ukuyesera kumera, ndipo thuza loboola ndi khomo lina la mabakiteriya. Anandichenjezanso za mafuta a pachilonda osakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi monga lidocaine, kuti ndisawagwiritse ntchito pandekha. Ndipo anati mamba akufa aja, ngakhale dzanja liyabwe bwanji, ndisawasende.

Jekeseni woyamba ndi wachiwiri anabaya okha akundionetsa. Wachitatu anati ndikabaye kunyumba. Amabaya pamnofu wa m'mbali mwa msana, chakutsogolo kwa thupi, chifukwa magazi ochokera kumbuyo amadzera ku impso kaye. Singano ilowe pakati pa mamba awiri, osati kuboola mamba, italoza kumutu, ndipo ulendo uliwonse usinthe mbali. Zonsezi ndinaziloweza. Chimene sindinaganizire n'chakuti manja ndili nawo awiri okha, ndipo nsato ikazindikira kuti pali chachilendo imasanduka mpira wolimba ngati mwala.

Ndinalimbana naye mpaka thukuta. Mayi a kunyumba anali chiimire pakhomo.

"Mumupweteka choncho, abambo. Ndigwire pati?"

Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Anavala magolovesi awiri dzanja lililonse, anagwira chapakati pa thupi atatembenuzira nkhope kukhoma, maso ali tsinzi. Nkhata anakulunga mchira padzanja lawo. Ndinamva akupuma mofulumira, koma sanataye. Singano italowa mnofu unanjenjemera pansi pa chala changa, ndinakankha mankhwala, ndinazula, basi. Atamasuka anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali.

"Ndimayesa ndi yoterera," anatero. "Koma ndi youma."

Kuyambira tsikulo ogwira anali iwo, ndipo pofika jekeseni womaliza magolovesi anali atatsala amodzi.

Patatha pafupifupi masabata atatu maso anachita mbuu, ulendo uno zenizeni. Apa panali povuta, chifukwa kufundula kumafuna chinyezi pamene chilonda chimafuna pouma. Tinachita zoti pansi pakhale pouma koma mpweya ukhale ndi chinyezi, poika mbale yaikulu ya madzi pafupi ndi mbali yotentha. Anafundula usiku. M'mawa nditamutembenuza ndinafuna kulira. Kachikopa kakuda kaja kanali katachoka ndi khungu lakale, ndipo pansi pake panali mnofu wofiira, wosaphimbika, waukulu kuposa chilonda chimene ndinkachidziwa. Ndinajambula chithunzi n'kutumiza kwa a dokotala manja akunjenjemera. Yankho linali lalifupi: mnofu wofiira ndi wamoyo, wakufa wachoka, pitirizani. Anandiuzanso kuti njoka yovulala imafundula pafupipafupi kuposa nthawi zonse, ndipo chilonda chimachepa ndi kufundula kulikonse. Ndinasiya kuwerenga masiku, ndinayamba kuwerenga makungu.

Kudya anakana milungu isanu ndi umodzi. Sindinamukakamize, popeza nsato zamtunduwu zimatha miyezi osadya, ndinkangomuyeza pa sikelo kuti ndione ngati akutsika kwambiri. Atayamba kuonetsa chidwi, lilime likutuluka pafupipafupi madzulo, ndinamupatsa khoswe wakufa wotenthetsa, wocheperapo kuposa amene anazolowera, kuti mimba isatanuke n'kung'amba pamene pakupola.

Pa kufundula kwachiwiri m'mphepete mwa chilonda munayamba kuyera. Pa kwachitatu panatsala kadera kangati chikhadabo. Kwachinayi kunabwera patatha miyezi isanu kuchokera Lamlungu lija, ndipo khungu linachoka lathunthu kuyambira kumphuno mpaka kumchira, tizivindikiro ta maso tili pomwepo. Ndinalitambasula pawindo. Mizere ya mamba a kumimba inkatsika mondondozana ngati makwerero, kenako pamalo amodzi inasokonekera, panali posalala popanda mzere, n'kuyambiranso kumunsi. Pamimba pa Nkhata mpaka pano pali chipsera chotuwa, mamba ake aang'ono ndi opindika, ndipo a dokotala anati sichidzatha. Nsato zimenezi zimakhala zaka 20 mpaka 30 zikasamalidwa, ndiye chipseracho ndidzachiona nthawi yaitali.

Khungulo ndinafuna kutaya, koma mayi a kunyumba analilanda n'kuliika mu envulopu. Masiku ano ndikamazimitsa magetsi usiku amandifunsa ali kale pabedi kuti pansi pa Nkhata pakuwerenga zingati, ndipo ndikayankha mongoganizira amandibweza kuti ndikaloze kachipangizo kaja. Za mmene anafikira pofuna njoka yawoyawo, ndi mkangano umene unabuka pa nkhani ya bokosi lachiwiri, ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.