Zikomo nonse amene munalukira kamdzukulu kanga

Abale anga a kuno ku Harare, a ku Mufakose, a ku Mabvuku, a ku Epworth, ndi inu akumudzi ku Malawi amene munkangomva nkhani pa WhatsApp, kamdzukulu kanga kaja kakwanitsa chaka sabata yathayi. Kakukwawa nyumba yonse, kakugwira mpando nkuimirira, mano awiri apansi atuluka moti amake ayamba kudandaula poyamwitsa. Ndati ndisakhale chete ngati zinangochitika zokha, ndilembe pano kuti aliyense amene anagwira singano kapena kutumiza ulusi adziwe kuti kwathu sitinaiwale.

Amene simukudziwa, mwanayu anabadwa masiku asanakwane, mimba ili ndi miyezi 7 basi, pa sikelo 1.4 kg, pomwe anamwino amati mwana akachepera 2.5 kg ndiye kuti ngofunika chisamaliro chapadera. Ndiye anasankhanso kubwera mu June, ndipo June wa Harare mukumudziwa, masana dzuwa likuwala bwinobwino koma likangolowa kuzizira kwake kolowa mpaka mmafupa, paja mzinda uno uli pamtunda pafupifupi mamita 1,500. Anamwino anatifotokozera kuti kamwana kotere kalibe mafuta mthupi osunga kutentha ndipo mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndiye mutu ukakhala pamtunda kamazizidwa msanga. Anamuika mwana wanga, mayi wa khandalo, pa kangaru, ija yoti khanda limakhala pachifuwa pa mayi khungu kwa khungu litangovala thewera, chipewa ndi sokosi, njira imene inayambira ku Bogotá ku Colombia mu 1978 ma incubator, makina ofunditsira makanda aja, atachepa. Vuto linali chipewacho. Za mshopu zonse, ngakhale zolembedwa newborn, zimatsika mpaka kutseka mphuno, kamutu kake kanali ngati lalanje.

Ine kuluka ndinayamba ndili mtsikana, anandiphunzitsa ndi malemu amayi, ndipo ana anga akhala akundiseka zaka zonsezi kuti amama mungovutikiranji juzi ya ku msika wa kaunjika wa Mupedzanhamo ndi dola imodzi. Koma nthawi imeneyo ndinalibe mpata olo pang'ono, mmamawa kuphika, kukwera kombi, kuchipatala, madzulo kuchapa, ndikati ndigwire singano maso akutsekeka okha.

Ndiye amayi anzanga a Chigwirizano kumpingo kwathu ku CCAP, inu ndi amene ndikuyamba nanu. Ndinangonena mawu amodzi Lachinayi pambuyo pa mapemphero, Lamulungu mukundipatsa pulasitiki yodzaza. Mayi busa, zikomo, munachita kupita nokha kukafunsa anamwino kuti chofunika nchiyani musanayambitse anthu, ndipo zinathandiza chifukwa ife tikanaluka zokongola koma zosayenera. Anati ulusi ukhale wofewa wosatulutsa ubweya, msoko usakhale wokhuthala mkati poti khungu lake ndi lopyapyala, ndipo pasakhale kaulusi kolendewera chifukwa kamatha kuzenga kachala nkutseka magazi. Za pompomu pamwamba paja anakaniratu. Achemwali ena zinawawawa, amakonda pompomu kwabasi, koma anamvera.

Achemwali a ku Mabvuku, tizipewa tanu ndi timene tinamukhala bwino kuposa tonse, ena musakwiye ndikunena zoona. Ulusi wa DK, uja wokhuthala pakatikati, pa singano za 4mm, masititchi ochepa ndithu, ribu kuyambira pansi mpaka pamwamba, awiri plain awiri purl, ndiye chipewa chimatamuka chokha mutu ukamakula komanso sichivuka mwana akatembenuka. Ndatengera luso limeneli, pano chipewa chilichonse cha khanda ndikuluka choncho.

Agogo aja okhala kumbuyo kwa tchalitchi, amene maso ayamba kuvuta koma sokosi amaluka ndi singano zinayi osayang'ana nkomwe, Mulungu awasunge. Ndinapita kukatenga ndinawapeza magetsi atazima ali pakhonde ndi kandulo, zala zikungoyenda. Anati kaphazi kotere sikafuna chidendene, angoluka kathumba kowongoka ka ribu kotalikirapo kuti kafike pabondo. Sokosi zina zonse mwana ankazivula ndi kapondeponde wake uja, za agogo zokha ndi zimene zinkakhala.

Alamu anga, inu simuluka koma ntchito munaigwira. Ulusi watsopano wamshopu mtauni ndi wodula, ndiye iwo anapita ku Mupedzanhamo ku Mbare kukasankha majuzi akuluakulu a kaunjika, osati ovala koma ophwasula, ndipo anadziwa kutembenuza nkuyang'ana msoko, chifukwa juzi imene inadulidwa nkusokedwa pa makina ukaiphwasula umangopeza tizidutswa, pamene yolumikizidwa bwino ulusi umatuluka wautali kuchokera kukhosi mpaka mchiuno. Ulusi wophwasula umakhala wopotanapotana, ndiye ana a mnyumba mwawo anaukulunga pa miyendo ya mpando, kuuchapa, kuuyanika atamangirira kabotolo ka madzi pansi kuti uwongoke. Umenewo sitinalukire khanda, tinalukira amake, juzi yaikulu ya mabatani kutsogolo yoti mwana ali pachifuwa onse awiri nkukwanamo. Analuka anthu atatu, wina kumbuyo, wina kutsogolo, wina manja, ndiye dzanja lina ndi lothinirapo pang'ono poti aliyense amakoka ulusi mwake. Mpaka lero akuivala, akuti asaikhudze munthu.

Palinso mnyamata wa kwaya amene anaphunzira kuluka pa YouTube, anzake akumuseka kuti ntchito ya azimayi, iye osalabadira. Chipewa chake choyamba chinali ndi timabowo, chachiwiri chinali bwino, pano akuluka juzi yakeyake ya mizeremizere. Mwana wanga, zikomo, usasiye.

Amene munatumiza kangachepe pa EcoCash ka thiransipoti, asuweni a ku Johannesburg amene munapatsira munthu wa basi ulusi wa ana, aneba amene munkandisungira madzi ndikachedwa kuchipatala, sindingathe kutchula mmodzimmodzi koma mukudzidziwa. Anamwino a ku wodi ya ana aja nawonso, anthu ogwira ntchito usiku wonse koma ukafunsa funso lomwelomwelo kachitatu amakuyankhabe, maita basa, monga timathokozera m'Chishona kuno.

Zipewa zinachuluka kuposa mutu umodzi, ndiye zotsala tinazichapa nkusiyira amayi ena muwodimo, ena anachokera kutali alibe ndi wowayendera yemwe. Nchifukwa chake sitinasiye, Lachinayi lililonse tikatha mapemphero timatsalira kaola kamodzi pansi pa mtengo nkumaluka, ndipo tagwirizana kuti zimene tipeze tikapereke mu November, pa tsiku lokumbukira ana obadwa masiku asanakwane pa dziko lonse. Ngati muli ndi ulusi wotsala mkabati, olo kampira kochepa, bweretsani, kachipewa kamodzi sikadya ulusi wambiri. Ukhale wofewa, akiliki ali bwino poti amachapika mosavuta ndipo sayabwa. Amene simudziwa kuluka bweraninso, singano zapadera zilipo ndipo agogo ati aphunzitsa, bola musabwere ndi changu chifukwa iwo mzere ukalakwika amaphwasulitsa.