Commodore 64 ya mayi wamasiye inapsa ndili ku nkhomaliro

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse mushopu yathu yokonza makompyuta akale kuno ku Manchester. Kunabwera kompyuta ya BBC Micro itafuka utsi, vuto lake la nthawi zonse la ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) a mtundu wa RIFA, ndinasintha. Kompyuta ya Amiga 500 Plus nayo batire la Varta linali litadontha mpaka kudya timizere tamkuwa pa bolodi. Ndinatsuka, n'kulumikiza ndi waya woonda, inayaka.

Chandipsetsa mtima ndi Lachitatu. M'mawa kunabwera mayi wachikulire atafungata kompyuta ya Commodore 64 m'bokosi lake lenileni, ya malemu amuna awo. Ankangofuna kuti mdzukulu wawo amve nyimbo za magemu amene agogo ake ankasewera. Ndinawauza kuti, "Mayi, musade nkhawa, ndiyisamala ndekha." Ndinamata kapepala pamwamba: osayatsa ndi thiransifoma yake.

Amene mumakonza zimenezi mukudziwa chifukwa chake. Thiransifoma ija anaithira epoxy m'kati, sungaitsegule, ndipo regulator, kachipangizo kosunga magetsi pa mavoti 5, ikatopa mavotiwo amakwera osachenjeza. Ine kupita ku nkhomaliro, abwana anauza mnyamata wophunzira ntchito kuti angoyiyatsa aone, poti ntchito zachuluka. Pobwera ndinapeza sikirini yakuda bii, RAM (tchipisi tosunga zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito) ikutentha moti chala sichikanakhalapo. Kuyeza thiransifoma, mavoti oposa 7.

Mnyamatayo sindikumuimba mlandu, anachita zimene anauzidwa. Koma chiyambire chaka chino ndakhala ndikupempha thiransifoma yatsopano yoyesera, yankho n'lakuti mwezi wamawa. Makina ochotsera soda (mtovu womatira zipangizo pa bolodi) nawonso anafa kalekale. Ndiye Lachinayi lonse ndinakhala chowerama ndi kapampu kam'manja, kuzula tchipisi ta RAM ta 4164 tonse 8, miyendo 128, pa bolodi ya zaka 40 yomwe mkuwa wake umasupuka ukangochulutsa moto. Ndinaika masoketi, RAM ina, ndi PLA yatsopano (tchipi yolumikizitsa tchipisi tinato) poti nayo inali itapita. Msana unachita kuuma.

Lachisanu sikirini ya buluu inabwera, ndi mawu osonyeza kuti yayaka bwino: 38911 BASIC BYTES FREE. Ndinapuma. Koma kuyesa mawu, zii. SID 6581, tchipi ya mawu, yafa, ndipo nyimbo zimene mayi aja anabwerera zimachokera m'menemo. Kampani ya Commodore inagwa mu 1994, tchipisi timeneti sakupanganso. Zolowa m'malo zamakono zilipo, koma khutu lozolowera limamva kusiyana.

Abwana anati tingowauza kuti inabwera ili yakufa kale. Ndinakana pamaso pa onse: "Bwana, bodza limenelo ine sindinena, ndipo mayiwa salipira kanthu." Sanayankhe, anangolowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Madzulo ndinazula SID mu Commodore 64 yanga ya kunyumba. Ndiyiika Lolemba m'mawa mayi aja asanafike, ndipo ndiwauza zonse zimene zinachitika.