Makina agwira ntchito ya mtima, nanga bala lipola bwanji?

Abale anga, nkhani ya opaleshoni ya mtima imandigwira mtima zedi. Pa 6 Meyi 1953 ku Philadelphia, Dr John Gibbon anatseka bowo mumtima mwa mtsikana wa zaka 18, makina ndiwo akupopa magazi ndi kuwapatsa mpweya wa okosijeni. Mpaka lero njira yake ndi yomweyo: magazi amatuluka m'thupi kudzera m'mapaipi, n'kubwerera atalandira mpweya, ndipo masiku ano mtima umaimitsidwa kuti dokotala asoke bwinobwino. Amapereka heparin kuti magazi asaundane, pomaliza protamine yothetsa mphamvu yake.

Koma magazi sagwirizana ndi pulasitiki. Chitetezo cha thupi chimadzuka ngati kwalowa mdani, ndipo ma platelet, tizigawo ta magazi totseka bala, timafooka. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tomweto ndi timene timanyamula PDGF ndi VEGF, mapuloteni ouza maselo kuti achulukane ndi kumeretsa timitsempha tatsopano. Tangoganizani fupa la pachifuwa lochekedwa pakati, lolumikizidwa ndi waya, munthuyo n'kukhalanso wodwala shuga!

Ofufuza ayesa kupereka mapuloteniwa ngati mankhwala. Becaplermin, mankhwala a PDGF opaka pazilonda za kumapazi za odwala shuga, analoledwa ku America mu 1997. Pamtima ndiye zinavuta. Pa kafukufuku wa VIVA, wofalitsidwa mu 2003, odwala mtima olandira VEGF sanapose olandira mankhwala opanda mphamvu pa mayeso oyenda patapita masiku 60. Ine ndikupempha kuti ndalama zofufuzira zisathere pamakina pokha, zifikenso pa bala la pachifuwa limene wodwala amapita nalo kunyumba.